Tsiku lomwe ndinafunsa alendo za chifuwa

Mpaka lero amalume akandiona ndanyamula thobwa kupita kwa alendo, amandilanda okha. Sindiwaimba mlandu.

Ndinali Fomu 3. Aphunzitsi a Bayoloje anatiuza kuti matenda ena, monga mphumu, amayenda m'magazi a pamtundu, koma chimene chimawadzutsa ndi zomwe munthu amapuma: utsi, fumbi, fodya. Anzanga ankangolemba. Ine mtima unali phaphapha, chifukwa amayi anga ali ndi mphumu, ndipo akulu anga a Eliza chifuwa chawo chimalira ngati kamwana ka mphaka nyengo yosankha fodya ikafika.

Tsono a Eliza anali atapeza mwamuna wa ku Mkanda, mlimi wa fodya wokhala ndi zigafa zikuluzikulu, ndipo ankafuna kuwatenga chitengwa. Ndinkangowaona m'maganizo ali m'chigafa, akubanika, chipatala chili kutali. Nanga bwanji ngati kuchimunako nakonso kuli mphumu? Anawo adzapuma bwanji?

Loweruka lina ankhoswe akuchimuna anabwera panjinga kudzakambirana ndi amalume. Ine anandituma thobwa basi (ntchito yanga inali kugwada, kupereka, ndi kuchoka). Ndikupereka kapu, mkulu wa alendowo anatsokomola. Kenaka anatsokomolanso, mokoka. M'malo mochoka, ndinakhalabe chogwada.

"Pepani bambo," ndinatero ndi ulemu wonse, "chifuwa chimenecho n'chakumtundu kwanu, kapena mwachita kuchitenga?"

Zaka zimenezo maliro anali ochuluka, ndipo kufunsa munthu za chifuwa kunali ngati kumuloza chala kuti ali ndi matenda aja osatchulidwa. Ine zimenezo sindinaziganize n'komwe.

Mkuluyo anaika kapu pansi. "Achimwene, kodi mwatiitanira ukwati kapena sikelo?"

"Iwe, choka apa!" anatero amalume.

Munthu wanzeru akanachoka. Ine ndinaona kuti ndiyenera kukonza zinthu.

"Ayi bambo, sindikunena zimenezo. Ndikunena mphumu. Ifetu kwathu kuno tili nayo. Amayi ali nayo, malemu agogo inawavutitsa, a Eliza omwe akangolowa m'chigafa amakomoka."

(Sanakomokepo. Mawuwo anangotuluka okha.)

"Oho," anatero mlendo wachiwiri, akuyang'ana mnzake. "Ndiye mkazi wosalowa m'chigafa, kwathu kuja akatani?"

Anakwera njinga zawo thobwa lili m'makapu. A Eliza anadzitsekera m'nyumba n'kumalira, ndipo kulirako kunadzutsa mphumu yomweyo. Amayi akuwakupiza ndi lichero anandiyang'ana n'kunena kuti, "Sukulu imeneyi tinakutumiza kuti ukaphunzire kuthamangitsa amuna a anzako?"

Masiku otsatira nsima sinkandilowa. Njinga iliyonse ikadutsa pamsewu ndinkathamangira kumpanda. Kutchalitchi ndinapempha Mulungu kuti ukwatiwo ubwerere, ngakhale atandilanda mayeso a Fomu 4. Kenaka ndinabweza pang'ono pempholo.

Potsiriza alamu anga, mwamuna wa ku Mkanda uja, anabwera okha pamodzi ndi mkulu wotsokomola uja. Mkuluyo anati alamuwo za chifuwa cha a Eliza ankazidziwa kale, ndipo sadzawalowetsa m'chigafa. Ndinatsala pang'ono kuvina. Koma mkuluyo anali asanamalize.

"Komabe manja a mkazi pa fodya amafunika. Poti adokotala athu awa ndi amene atiunikira, tchuthi chilichonse azibwera kudzasankha fodya m'malo mwa mkulu wawo."

"Zamveka," anatero amalume, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinakweza dzanja ngati m'kalasi. "Koma amalume, magazi a a Eliza ndi anga ndi amodzi..."

"Ukangotsegulanso pakamwa, ukasankha ndi wa aneba awo."

Ukwati unachitika, ndipo a Eliza akupuma bwino. Ine tchuthi chonse ndinali m'chigafa ku Mkanda, nditamanga nsalu yachipani kumphuno, ndikumvetsera chifuwa changa ngati wailesi. Mkulu uja anali pambali panga, akutsokomolabe. Ndinkafunitsitsa kumuuza kuti apite kuchipatala, koma nthawi imeneyi ndinadikira kaye kuti tikhale awiriwiri.